Kuyeza zoipitsa m'madzi, m'dothi ndi mumpweya: ntchito imayambira pa botolo

Makina a m'labotale sadziwa kumene sampulo yachokera. Mukawapatsa madzi amene akhala masiku atatu pamalo otentha m'botolo losatsuka bwino, adzakupatsani nambala yooneka yodalirika, koma nambalayo idzakhala ya botolo lanu, osati ya mtsinje. Zolakwika zambiri pa ntchitoyi zimachitika sampulo isanafike pa makina, ndipo zikachitika palibe masamu amene angazikonze. N'chifukwa chake malangizo awa akhalitsa pa katengedwe ndi kasungidwe ka masampulo, komanso pa zifukwa zimene choipitsa chimodzimodzicho chimakhalira choopsa pena, pena ayi.

Funso likhale loyezeka

Musanagwire botolo, lembani funso limene mukufuna kuyankha. Loti "kodi madzi awa ndi oipa?" siliyezeka. Loyezeka ndi loti "kodi mtovu wa m'madzi a pampope uwu ukupitirira 10 µg (maikulogalamu) pa lita?" Funso lotere lakuuzani kale botolo loyenera, mankhwala osungira sampulo, ndi makina amene angathe kuona mlingo wochepa choncho. Makina amodzi oyeza zinthu zonse kulibe. Mumapeza zokhazo zimene mwafunafuna, choncho yendani kaye m'deralo muone zimene zikuchitikamo. Pafupi ndi mgodi ganizirani za asidi, sulfate ndi zitsulo. Kumunsi kwa minda yothiridwa feteleza, nitrate ndi phosphate. Kumene amafufuta zikopa, chromium. Kumene amaphwanya mabatire a galimoto, mtovu. Pafupi ndi zimbudzi kapena dzala, ammonia, nitrate, chloride ndi mabakiteriya a E. coli.

Miyezo muidziwe bwinobwino. Madzi amayezedwa mu mg/L kapena µg/L, ndipo miligalamu imodzi ndi 1,000 µg. Dothi limayezedwa mu mg/kg ya dothi louma, mpweya mu µg/m³. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika milingo iyi pa madzi akumwa: arsenic 10 µg/L, mtovu 10, cadmium 3, mercury 6, chromium 50 (zonsezi mu µg/L), fluoride 1.5 mg/L, nitrite 3 mg/L, nitrate 50 mg/L. Pa nitrate ambiri amakodwa. Malabotale ena amalemba kulemera kwa nitrate yense, ena amalemba kwa nitrogen yekha amene ali mkati mwake. Kuti muchoke pa nitrogen kupita pa nitrate chulukitsani ndi 4.43. Madzi olembedwa kuti 20 mg/L ya nitrogen ali ndi nitrate pafupifupi 89 mg/L, ndipo adutsa mlingo kalekale ngakhale 20 akuoneka wochepa pomuyerekeza ndi 50.

Onaninso ngati makina anu angafike pa mlingo umene mukufuna. AAS (makina oyeza zitsulo poona kuwala kumene zayamwa) ya lawi la moto imagwira bwino ntchito pa dothi, koma mtovu wa 10 µg/L m'madzi siutha kuuona modalirika. Pamenepo pafunika AAS ya graphite furnace (yotenthetsa sampulo m'kachubu ka graphite m'malo mwa lawi) kapena ICP-MS (makina olekanitsa zitsulo malinga ndi kulemera kwa maatomu ake).

pH ndi okosijeni ndizo zimalamula

Kudziwa kuchuluka kwa chinthu n'koyamba chabe. Chofunika kwambiri ndi mtundu umene chinthucho chilimo, ndipo mtunduwo umasinthidwa ndi zinthu ziwiri: pH (muyezo wa asidi, umene 7 ndi pakati ndipo umatsika asidi akachuluka) ndi kupezeka kwa okosijeni.

Tengani chromium. Wa mtundu wa Cr(III) sasungunuka kwenikweni, amamatirira ku dothi n'kukhala pomwepo. Wa mtundu wa Cr(VI) amasungunuka, amayenda ndi madzi mtunda wautali, ndipo amayambitsa khansa. Lipoti longonena kuti chromium ndi wochuluka mwakuti, osatchula mtundu, lasiya funso lenileni osayankha.

Arsenic ali ndi nkhani yake. M'nthaka imene muli okosijeni, amamatirira pa dzimbiri lachilengedwe limene limakuta timchenga. Pansi pamene okosijeni watha, mabakiteriya amasungunula dzimbirilo, arsenic n'kumasuka kulowa m'madzi. Izi n'zimene zinapezeka ku Bangladesh m'zaka za m'ma 1990, pamene mijigo yambirimbiri imene inakumbidwa pofuna kuthana ndi matenda otsekula m'mimba inapezeka ndi arsenic wopitirira mlingo, popanda fakitale iliyonse imene inamutaya. Choipitsa sichichokera kwa munthu nthawi zonse.

Mercury akagwera m'matope opanda okosijeni, mabakiteriya amamusandutsa methylmercury, amene amaunjikana m'matupi a zamoyo, nsomba yaikulu n'kumakhala naye wochuluka kuposa yaing'ono imene yadya. Matenda a ku Minamata m'dziko la Japan, amene anazindikirika mu 1956, anabwera chifukwa cha methylmercury wochokera m'fakitale amene anadzaza m'nsomba. Mukamafufuza mercury, madzi okha sakwanira. Tengani matope ndi nsomba zomwe.

Ammonia amakhala m'mitundu iwiri m'madzi, ndipo umene umapha nsomba ndi NH₃. Pa 25°C, pH ikakhala 7, NH₃ sakwana 1 peresenti ya ammonia yense. Pa pH 8 amafika cha m'ma 5 peresenti, pa pH 9 amapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu. M'damu la ndere zambiri pH imakwera masana chifukwa ndere zikuyamwa carbon dioxide, ndiye ammonia yemweyo amene m'mawa sanavute angathe kupha nsomba dzuwa litapendeka.

Ku migodi, mwala wa pyrite ukakumana ndi mpweya ndi madzi umatulutsa sulfuric acid. Madzi amatsika kufika pa pH 2 kapena 3, n'kusungunula zitsulo zonse zimene apeza. Chizindikiro chake ndi matope achikasu chofiirira pa miyala ya m'khwawa. Ndipo mu mzinda wa Flint ku United States, mu 2014, madzi anayamba kutengedwa mumtsinje wina popanda kuthiramo mankhwala oteteza mapaipi. Mtovu sunali mumtsinjemo. Madziwo ndi amene anadya mapaipi akale n'kuutulutsa.

Madzi

Botolo lisankhidwe malinga ndi chimene mukuyeza. Zitsulo, fluoride, nitrate ndi michere ina zimapita m'mabotolo a pulasitiki ya HDPE kapena polypropylene. Mankhwala ophera tizilombo ndi mafuta zimapita m'botolo la galasi lakuda lokhala ndi Teflon kunsi kwa chotsekera, chifukwa pulasitiki imayamwa mankhwala otere ndipo kuwala kumawaphwanya. Mercury aikidwe m'galasi kapena mu Teflon, popeza nthunzi yake imadutsa mu polyethylene. Mabotolo a zitsulo anyikeni maola 24 mu nitric acid wa 10 peresenti, kenako muwatsukuluze katatu kapena kupitirira ndi madzi oyeretsedwa a m'labotale, aja achotsedwa mchere wonse. Botolo lotsukidwa ndi nitric acid lisagwiritsidwe ntchito pa nitrate, ndipo la phosphate lisaone sopo wokhala ndi phosphate. Zimamveka zachidziwikire, koma zotsatira zambiri zodabwitsa zimachokera pamenepa.

Pamtsinje pafunika malo osachepera atatu: kumtunda kwa pamene zoipa zikulowera, pomwe zikulowerapo, ndi kumunsi kumene zasakanikirana bwino ndi madzi onse. Popanda sampulo ya kumtunda simungaloze chala aliyense. Yambani kumunsi n'kumakwera, kuti matope amene mwavundula asalowe m'sampulo yotsatira. Imani moyang'ana kumene madzi akuchokera, botolo likhale kutsogolo kwanu, mulimize masentimita 20 mpaka 30 pansi pa madzi, pamene akuyenda, osati m'mphepete pamene adikha. Tsukuluzani botolo katatu ndi madzi omwewo musanadzaze, kupatula ngati muli kale mankhwala osungira, kapena ngati ndi la mabakiteriya kapena la mafuta. Valani magolovesi opanda ufa, ndipo musakhudze kukamwa kwa botolo kapena mkati mwa chotsekera.

Pamjigo kapena chitsime chakuya, madzi amene agona m'paipi si madzi a m'nthaka. Apopeni kaye. Lamulo lake ndi kuchotsa katatu madzi amene ali m'dzenjemo. Ngati paipi ndi ya masentimita 10 m'mimba mwake ndipo madzi aima mamita 20, muli malita pafupifupi 157, ndiye mupope cha m'ma 470. Njira yabwinopo ndi kumayeza pH, kutentha ndi EC (muyezo wa mmene magetsi amadutsira m'madzi, umene umakwera michere ikachuluka) mphindi zingapo zilizonse mpaka manambala atasiya kusuntha: pH isasinthe kupitirira 0.1, EC isasinthe kupitirira 3 peresenti. Pampope pamene mukufufuza mtovu wa m'mapaipi, chitani zosiyana ndi zimenezi. Madzi agone m'mapaipi maola osachepera 6, ndiye mutenge lita yoyamba yeniyeni osataya dontho.

Pali zinthu zosadikira ulendo wa ku labotale. Kutentha, pH, EC ndi okosijeni wosungunuka ziyezedwe pomwepo, pH mkati mwa mphindi 15, chifukwa carbon dioxide akamatuluka m'madzi pH imakwera. Chunani kachipangizo ka pH tsiku lomwelo ndi ma buffer (madzi a pH yodziwika kale) a 4, 7 ndi 10, ndipo kansonga kake kasungidwe mu potassium chloride, osati m'madzi oyeretsedwa, amene amakawononga. EC ichunidwe ndi standard (madzi a mlingo wodziwika kale) ya 1,413 µS/cm. Okosijeni musamuweruze popanda kuona kutentha: pamalo ofanana ndi nyanja yamchere kutsika kwake, madzi a 20°C amatha kusunga cha m'ma 9.1 mg/L, a 30°C cha m'ma 7.6 basi, ndipo kumapiri amasunga wocheperapo.

Tsopano kusefa ndi kuthira asidi, pamene masampulo ambiri amafera. Zitsulo zosungunuka ndi zija zimadutsa pa fyuluta ya timabowo ta 0.45 µm (µm ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita). Sefani pomwepo ndi sirinji, mutaye mamililita oyamba angapo, kenako ndi pamene muthire nitric acid mpaka pH itsike pansi pa 2. Kawirikawiri mamililita 2 a asidi wosasungunula pa lita amakwana, koma madzi a laimu wambiri amafuna woonjezera. Poyesa, dontheza madzi pang'ono pa kapepala ka pH, osamiza kapepalako m'botolo. Mukayamba ndi asidi n'kusefa pambuyo, asidiyo asungunula zitsulo za m'tinthu toyandama, ndipo nambala yanu ikwera monama. Mukachedwa zonse ziwiri, chimachitika ndi chosiyana. Madzi a pamjigo okhala ndi iron wambiri amatuluka oyera mbee, koma pakangopita maola ochepa m'botolo amayamba chikasu, timizeremizere tofiirira n'kukhala pansi. Ameneyo ndi iron amene wakumana ndi mpweya, ndipo potsika amatenga arsenic n'kutsika naye. Mukadzasefa mawa lake mudzataya arsenic pa fyuluta, lipoti n'kunena kuti madzi ndi abwino pamene anthu akumwa poizoni. Ngati mukufuna zitsulo zonse, zosungunuka ndi zoyandama zomwe, tengani botolo lachiwiri losasefa, lothira asidi.

Masampulo onse alowe m'bokosi la ayezi, pa 6°C kapena kutsika, koma asaundane. Zitsulo zothira asidi zimakhala miyezi 6, mercury masiku 28. Nitrate, phosphate ndi BOD (okosijeni amene mabakiteriya amadya powoletsa zonyansa) ziyezedwe pasanathe maola 48. Ammonia ndi COD (okosijeni wofunika kuti mankhwala a m'labotale aphwanye zonyansa) zithiridwe sulfuric acid mpaka pH pansi pa 2, ndipo zikhala masiku 28. Mankhwala ophera tizilombo achotsedwe m'madzimo pasanathe masiku 7. Cr(VI) asathiridwe asidi, chifukwa asidi amamuthandiza kusanduka Cr(III). Muyezeni mkati mwa maola 24. Cyanide amasungidwa ndi sodium hydroxide pa pH yokwera, ndipo asidi asamuyandikire n'komwe, chifukwa amatulutsa mpweya wakupha. Sampulo ya mabakiteriya ifike ku labotale mkati mwa maola 6 ngati n'kotheka, ndipo ngati madziwo ali ndi chlorine, m'botolo mukhale sodium thiosulfate woti amuphe mphamvu.

Mankhwala ouluka msanga, monga benzene wa m'petulo, amatengedwa m'timabotolo tagalasi ta mamililita 40. Dzazani pang'onopang'ono mpaka madzi atatumphuka pamwamba pa mlomo, tsekani, tembenuzani kabotolo, kagogodeni ndi chala. Mukaona kathovu ka mpweya kakukwera, tayani mutenge kena, chifukwa mankhwalawo athawira m'kathovuko.

BOD imayeza okosijeni amene mabakiteriya amadya powoletsa zonyansa. Sampulo imasungunulidwa ndi madzi odzaza okosijeni m'botolo la mamililita 300, n'kuikidwa mumdima pa 20°C masiku 5. Zotsatira zimawerengedwa pokhapokha okosijeni atatsika ndi 2 mg/L kapena kuposa, n'kutsalako wosachepera 1 mg/L. Pachifukwachi konzani mabotolo atatu osungunula mosiyana. BOD ikatuluka yochepa kwambiri pamene COD ili pamwamba, musafulumire kusangalala: mwina m'madzimo muli poizoni amene wapha mabakiteriya anu.

Dothi

Dothi silisakanikirana lokha. Malo awiri otalikirana mita imodzi angasiyane kakhumi, ndiye kasankhidwe ka malo n'kofunika kuposa makina. Ngati mukufuna avereji ya munda kapena bwalo, yendani mokhotakhota, mutenge dothi pamalo 15 mpaka 20, mulisakanize m'chidebe choyera cha pulasitiki. Kenako liyaleni, muligawe panayi, mutaye magawo awiri oyang'anizana, musakanizenso otsalawo, mpaka mutatsala ndi theka la kilogalamu. Koma ngati mukufunafuna pamene zoipa zinatayikira, musasakanize. Sampulo imodzi yoipa kwambiri ikalowa mu zina 19 zabwino imazimiririka. Pamenepo jambulani mizere pamalowo ndipo sampulo iliyonse ikhale m'thumba lakelake, ndi nambala yake ya GPS.

Kuya kumatsatira funso. Mtovu wogwa kuchokera mumpweya umakhala m'masentimita 5 apamwamba kwa zaka zambiri, ndipo ndi dothi lomweli limene ana amaika m'kamwa. Ku Kabwe m'dziko la Zambia mgodi unatsekedwa mu 1994, koma mtovu ukadali m'dothi, pakuti chitsulo sichiwola. Mukakumba masentimita 20 n'kusakaniza, muchepetsa nambalayo monama. Pa za mbewu tengani masentimita 0 mpaka 20. Nitrate ndi mafuta zimatsika pansi, ndiye zitsatireni mozama, gawo ndi gawo. Tenganinso dothi la mtundu womwewo kutali ndi kumene mukukayikira, chifukwa miyala ina mwachilengedwe imakhala ndi nickel kapena chromium wambiri.

Zida nazo zimaipitsa. Fosholo yokutidwa ndi zinc imasiya zinc, sefa ya brass imasiya mkuwa ndi zinc, ndipo chitsulo chosachita dzimbiri chili ndi chromium ndi nickel. Pa zitsulo gwiritsani ntchito pulasitiki ndi sefa ya nayiloni, pa mankhwala ophera tizilombo chitsulo ndi galasi. Tsukani chida chilichonse musanapite pamalo ena.

Yanikani dothi pamthunzi, kutentha kusapitirire 40°C, muliphwanye, mulisefe pa sefa ya mamilimita 2. La mercury, la nitrate ndi la mankhwala ouluka lisayanikidwe, likhale lonyowa mufiriji. pH iyezedwe pa magalamu 10 a dothi ndi mamililita 25 a madzi, mutatakasa n'kudikira mphindi 30. Mukagwiritsa ntchito calcium chloride wa 0.01 M m'malo mwa madzi, nambala imatsika ndi pafupifupi 0.5, choncho lembani njira imene mwatsata.

Pofuna kutulutsa zitsulo, njira ya ISO 11466 imagwiritsa ntchito aqua regia, chisakanizo cha hydrochloric acid ndi nitric acid. Perani dothi likhale ufa wosalala, muyeze magalamu 3, muthire mamililita 21 a hydrochloric acid ndi 7 a nitric acid, musiye maola 16, kenako muwiritse maola 2 nthunzi ikubwerera m'botolo momwemo, musefe, muonjezere mpaka mamililita 100. Zonsezi zichitikire m'kabati yokoka utsi, maso ndi manja zili zotetezedwa. Aqua regia asatsekeredwe m'botolo, chifukwa amatulutsa mpweya mpaka botolo kuphulika. Posungunula asidi aliyense, asidi ndiye amathiridwa m'madzi, osati madzi mu asidi. Masamu ake ndi awa: makina akawerenga 4.5 mg/L, chulukitsani ndi malita 0.1, mugawe ndi makilogalamu 0.003, mupeza 150 mg/kg. Ngati munasungunulanso kakhumi kuti makina athe kuwerenga, yankho ndi 1,500. Kuiwala sitepe imeneyi ndi cholakwika chofala kwambiri. Umitsani dothi lina padera pa 105°C kuti mudziwe chinyezi chotsalira, n'kukonza nambalayo ikhale ya dothi louma.

Nambala ya aqua regia imanena zimene zilimo, osati zimene mbewu ingayamwe. Pa zimenezo dothi limagwedezedwa ndi calcium chloride wa 0.01 M kapena mankhwala a DTPA. Cadmium amayenda mosavuta m'dothi la asidi, pH ikatsika pansi pa 6, ndipo mbewu zimamuyamwa. Matenda a itai-itai a ku Toyama m'dziko la Japan anabwera chifukwa cha cadmium wa kumgodi amene analowa m'minda kudzera m'madzi othirira. Kuthira laimu kumamanga cadmium, zinc ndi mtovu, koma arsenic ndi Cr(VI) zimamasuka pH ikakwera. Musalangize laimu musanadziwe zitsulo zonse zimene zilipo. Makina a m'manja a XRF (oyeza zitsulo ndi X-ray) ndi othandiza posakasaka mofulumira, koma dothi lonyowa limawerengedwa motsika, ndipo mtovu ukachuluka umaphimba arsenic chifukwa zizindikiro zawo zimagundana pa 10.5 keV. Masampulo ena atsimikizidwe ku labotale.

Mpweya

Mpweya umasintha ola ndi ola, choncho kuyeza kwa mphindi 10 sikunena kanthu. Milingo ya WHO ya 2021 ndi iyi: PM2.5, tinthu tosapitirira 2.5 µm timene timalowa mkatikati mwa mapapo, 15 µg/m³ pa maola 24 ndi 5 pa chaka. PM10, tinthu tosapitirira 10 µm, 45 ndi 15. Nitrogen dioxide, 25 ndi 10. Yerekezani zofanana: avereji ya tsiku ndi mlingo wa tsiku, ya chaka ndi wa chaka.

Njira yodalirika ya PM2.5 ndi ya sikelo. Fyuluta ya Teflon ya mamilimita 47 imakhala maola 24 m'chipinda cha 20 mpaka 23°C ndi chinyezi cha 30 mpaka 40 peresenti, n'kuyezedwa pa sikelo yowerenga mpaka 1 µg. Pampu imakoka malita 16.7 pa mphindi kwa maola 24, omwe ndi 24 m³. Fyuluta imabwereranso m'chipinda chija maola 24 isanayezedwe kachiwiri. Ikalemera ndi 360 µg, gawani ndi 24, mupeza 15 µg/m³. Kulemera kumeneku n'kochepa kwambiri moti chala chimodzi chokhudza fyuluta chawononga zonse. Igwireni ndi kapani, ndipo chotsani magetsi omata amene Teflon imasunga, chifukwa amasokoneza sikelo. Liwiro la pampu liyesedwe poyamba ndi pomaliza. Likasintha, si kuchuluka kwa mpweya kokha kumene kwalakwika: kachipangizo kolekanitsa tinthu kamadula pa 2.5 µm pa liwiro lokhalo. Polowera mpweya pakhale mamita osachepera 2 kuchokera pansi, kutali ndi khoma, mtengo kapena chumuni.

Nitrogen dioxide angayezedwe popanda magetsi, ndi timachubu ta Palmes totalika pafupifupi masentimita 7, tokhala ndi triethanolamine kumapeto kotseka. Timapachikidwa kukamwa kutaloza pansi kwa milungu 2 mpaka 4, kenako mankhwalawo amasandutsidwa ofiirira ku labotale n'kuwerengedwa pa kuwala kwa 540 nm. Pachikani titatu pamalo amodzi, tisakhudze khoma. Pamalo a mphepo yamphamvu timawerenga mokweza. Ngati makina anu akulemba mu ppb (magawo pa biliyoni), 1 ppb ya nitrogen dioxide ndi 1.88 µg/m³ pa 25°C.

Timasensa totsika mtengo ta PM2.5 timawerenga kuwala kumene tinthu tamwaza, osati kulemera kwake. Chinyezi chikapitirira cha m'ma 75 peresenti tinthu timamwa madzi n'kufufuma, sensa n'kukweza nambala. Tiikeni kaye pambali pa makina odalirika kwa milungu ingapo kuti mupeze masamu okonzera, apo ayi tigwiritseni ntchito poona nthawi imene utsi umakwera, osati poweruza ngati mlingo wadutsidwa.

Lembani nyengo nthawi zonse: kumene mphepo ikuchokera, liwiro lake, mvula, kutentha. Usiku wozizira wopanda mphepo, mpweya wofunda umakhala pamwamba pa wozizira ngati chivindikiro, utsi n'kusowa kolowera. Ndi zimene zinachitika ku London mu December 1952, pamene utsi wa malasha unapha anthu masauzande ambiri. Ozone amasokoneza oyamba kumene: samatuluka m'galimoto, amapangidwa ndi dzuwa kuchokera ku utsiwo, ndipo amachepa m'mbali mwa msewu chifukwa nitric oxide watsopano amamuwononga. Amachuluka masana, kutali ndithu kumene mphepo ikulowera.

Kudziwa ngati nambala ndi yoona

Makina aliwonse amachunidwa ndi blank (madzi oyeretsedwa opanda chimene mukuyeza) ndi ma standard osachepera 5, ndipo mzere wake ukhale ndi r (nambala yoonetsa kuwongoka kwa mzerewo) wa 0.995 kapena kuposa. Sampulo yowerengedwa pamwamba pa standard yomaliza isungunulidwe n'kuyezedwanso, osatalikitsa mzere m'maganizo. Pakatha masampulo 10 aliwonse bwezerani standard yapakati; ikaphonya ndi 10 peresenti, chunaninso ndi kubwereza onse khumiwo.

Blank ndi madzi oyeretsedwa amene amadutsa monse mmene sampulo yadutsa. Imodzi ipite nanu kumalo, ithiridwe m'botolo kumeneko, isefedwe ndi fyuluta yomweyo, ilandire asidi yemweyo. Ina ikonzedwe ku labotale. Ya kumalo ikakhala ndi zinc pamene ya ku labotale ilibe, vuto lili pa magolovesi, fyuluta kapena fumbi. Zonse ziwiri zikakhala naye, kayikirani asidi kapena madzi anu. Pa dothi ndi mpweya n'chimodzimodzi: botolo la aqua regia lopanda dothi, fyuluta yopita kumalo n'kubwerako osakokerapo mpweya, kachubu kosatsegula.

Spike imaonetsa ngati china chake m'sampulo chikuphimba kapena kukweza chimene mukuyeza. Gawani sampulo pawiri, theka lina muonjezeremo mlingo wodziwika. Ngati sampulo ili ndi 4 µg/L, mwaonjezera 10, makina n'kuwerenga 13, mwabweza 9 pa 10, kapena kuti 90 peresenti. Pakati pa 80 ndi 120 m'povomerezeka pa ntchito zambiri. Pali zosokoneza zina zimene spike siigwira. Pa ICP-MS, chloride akaphatikana ndi argon amalemera 75, chimodzimodzi arsenic, ndiye madzi amchere amaoneka ngati ali ndi arsenic ngati makinawo alibe collision cell (kachipinda kochotsa zosokoneza zotere) kapena masamu okonzera. Chloride yemweyo amakwezanso COD. Sampulo imodzi pa 10 kapena 20 iliyonse itengedwe kawiri, ndipo ziwirizo zisasiyane kupitirira 20 peresenti. Pa dothi gulani CRM, dothi limene mlingo wake unatsimikizidwa kale, lidutse m'njira yanu yonse.

Malire a njira yanu muwapeze nokha: yezani kasanu ndi kawiri sampulo ya mlingo wochepa kwambiri, mupeze standard deviation (muyezo wa kusiyana kwa manambalawo), muchulukitse ndi 3.14. Chimene chagwera pansi pa malirewo chilembedwe kuti n'chochepera pa nambala imeneyo, mwachitsanzo <2 µg/L, osati 0. Lipoti lonena kuti mtovu sunapezeke, pamene malire ake ndi 50 µg/L, silinanene chilichonse pa mlingo wa 10.

Pa madzi pali mayeso ena awiri osalira ndalama. EC mu µS/cm ikachulukitsidwa ndi 0.55 mpaka 0.7 iyenera kuyandikira michere yonse yosungunuka mu mg/L. Ndipo mukasandutsa calcium, magnesium, sodium ndi potassium kukhala meq/L (muyezo wowerengera mphamvu ya magetsi ya mchere uliwonse pa lita), chiwonkhetso chake chifanane ndi cha bicarbonate, chloride, sulfate ndi nitrate, kusiyana kusapitirire 5 peresenti. Zikasiyana kwambiri, yambani kuona bicarbonate, amene amatsika ngati botolo lachedwa kuyezedwa ndipo calcium carbonate wakhala pansi, kenako muone ngati nitrate sanalembedwe monga nitrogen. M'madzi a asidi a kumgodi, iron, aluminium ndi hydrogen nazonso ziyenera kulowa m'chiwonkhetso cha mbali yoyamba ija.